Kabotolo ka Bambo a Lusungu

Lolemba, 2 Juni 2025

Bambo a Lusungu akafa, Lusungu andilanda. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe ndikuopa kuposa zonse. Kuno ku Manyamula mwana ndi wa kuchimuna. Ng'ombe za lobola zinapita kwathu ku Santhe, nkhani inathera pomwepo. Ine ndidzangonyamula chikwama ndi bere lodzaza mkaka.

Kope ili linali la nyimbo za kwaya. Ndizilembamo poti wokamba naye palibe. Chitumbuka ndimamva, koma ndikapsa mtima chimandithawa.

Vuto ndi mimba ya bambo a Lusungu. Chaka chatha tsopano, chibwerereni ku Joni. Kutentha pansi pa chifuwa, kugeya, nseru. Lamba aboola kawiri.

Lero tinali ku boma, kachipatala kolipira kuseri kwa msika. Anatilozera ndi achimwene anga a Bestone, amayendetsa pikiapu ya bwana wina wogula chimanga ku Mzimba komweko. Dokotala wake a Kizito, a ku Dedza. Atangoti, "Mayi, khalani apa, mwana akulemerani," m'Chichewa chakwathu chenicheni, ine misozi. Manyazi bwanji.

Akuti mwina ndi zilonda za m'mimba. Akuti zambiri zimayamba ndi tizilombo tokhala m'chifu, timalowa ndi madzi kapena chakudya, mwina munthu akadali mwana. Ndawapempha andilembere dzina lake. H. pylori. Tizilombo, osati munthu. Ndati abwereze kuti bambo a Lusungu amve bwino. Abwereza.

Kuyeza kwake n'kwa chimbudzi. Kwa magazi akuti kumangonena kuti tinalowamo, sikunena ngati tilimo lero. Koma sanayeze. Akuti ayambe asiya makapisozi aja amagula pagolosale, omeprazole, masabata awiri athunthu, chifukwa amabisa tizilomboto, choyezera osationa. Kukawawa azitafuna timapiritsi toyera ta magineziyamu basi. Asipirini ayi. Bulufeni ayi. Mankhwala a mutu a ufa aja ayi, amakanda chilonda. Chimbudzi chikada ngati phula, kapena akasanza zonga magazi, kuthamanga nawo nthawi yomweyo. Tikapezeka, mankhwala atatu masabata awiri, munthu n'kuchira.

Kuchira! Mawu amenewo ndinali nditawaiwala.

Zonse andilembera pakapepala. Atipatsa kabotolo ka chivindikiro chofiira. Tibwerere pa 16.

Bambo a Lusungu kabotoloko sanakakhudze n'komwe. "Sunga iwe." Kali m'chikwama mwanga.

Lachinayi, 5 Juni

Masiku atatu opanda kapisozi. Akupindika ngati chikwakwa. Phala masupuni awiri, basi.

Apongozi, anyaShaba, alowa m'mawa osaodira. Akuti dokotala wa mtundu wanji wolanda mankhwala kwa wodwala. Ndagwada. Ndafotokoza bwinobwino, ndawaonetsa kapepala. Sanakayang'ane. Angofunsa kuti dokotalayo kwawo n'kuti. Ndati ku Dedza.

"Ehe. Muchewa munyako."

Mchewa mnzanga. Basi, mlandu aweruza. Ndinamubereka ine dokotalayo? Ndinamulemba ntchito ine?

Zaka zitatu pamudzi pano. Kwathu ndinali Linily, Nambewe. Kuno nyaMbewe akakondwa, Muchewa akakwiya. Masiku ano dzina langa ndi Muchewa.

Lusungu wayamba kunena "yewo", zikomo wakuno, ukamupatsa kanthu. Chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Lero wanena kwa nkhuku.

Lolemba, 9 Juni

Zodabwitsa. Bambo a Lusungu apeza bwino. Dzulo mbatata ziwiri zathunthu. Lero apita kudambo kukaona ng'ombe, akuimba mluzu. Ndathokoza Mulungu.

Koma chimwemwe changa achithira mchenga. Kuyambira Lachisanu apongozi amawaitana m'mawa uliwonse kukamwa chindongwa, thobwa lakuno, kunyumba kwawo. Chitseko chotseka. Ndiye lero pamjigo, ine ndili pomwepo ndi ndowa, amvekere kwa azimayi: mwana wanga akadya kwa ine akuchira, akadya kwina akufota, nanga n'chiyani chimenechi? Azimayi maso pansi. Wina kakuseka.

Kwina kwake kuti? Ndi mphika wanga umenewo.

Timadya mbale imodzi ine ndi iwo. Ndiwo ndimalawa ndekha. Ndikanakhala wothira zinthu, bwenzi nditayamba kufota ine.

Ndawafunsa bambo a Lusungu ngati akumwa china chake kumeneko. "Chindongwa pera." Thobwa lokha. Ndafunsanso. Akalipa, akuti ndasanduka wapolisi. Ndasiya.

Lachisanu, 13 Juni

Ndamenya nyemba tsiku lonse. Manja matuza. Marjory anabwera kudzandithandiza kupeta, mkazi wa alamu anga a Brave omwe akadali ku Joni. Wapamudzi woyandikana, koma ndi yekhayo amandiyankhula ngati munthu. Lero anali chete. Ndamufunsa, akuti mutu.

Masiku atatu atsala.

Lolemba, 16 Juni

Tsiku la kabotolo. Sindidzaliiwala.

Mwamuna wa ndevu, woti anafika ku Joni pamwamba pa katundu wa thiraki, kuopa chimbudzi chake chomwe. Akuti Mngoni sayenda nazo zimenezo pamsewu. Akuti sapita, ndipite ine. Achitira panyuzi kuseri kwa bafa n'kuthawa ngati aba. Ndatapa ine ndi kasupuni ka pachivindikiro. Ndakulunga m'majumbo awiri.

Potembenuka, apongozi. Aima pankhokwe ndi lichero m'manja. Aona zonse. Angopitiriza kupeta. Bola akanakalipa.

Lusungu ndamusiyira Marjory. Ndapalasa njinga ndekha mpaka ku boma, mphepo ya Juni ikuluma makutu, kabotolo m'chikwama ngati ndanyamula mazira.

Mayi wa mu labu wasungunula pang'ono m'timadzi n'kudontheza pa kapulasitiki konga koyezera mimba ya mwana. Akuti mizere iwiri tilimo, umodzi mulibe. Ndakhala pabenchi ndikupemphera mizere iwiri. Mkazi wanji wopemphera kuti mwamuna wake apezeke ndi matenda? Ineyo.

Watuluka umodzi.

A Kizito ayang'ana pepala nthawi yaitali. "Makapisozi aja anasiyadi?" Ndalumbira. Ndagwira pachifuwa, ndatchula Mulungu. Ndati ndinawataya ndekha m'chimbudzi tsiku lomwe lija, ndipo n'zoona. Akuti pepalali silikutanthauza kuti munthuyo ali bwino, munthu wowonda chotero. Abwere yekha sabata ino amuone. Mwina amutumize ku Mzuzu komwe amameza kapaipi ka kamera, n'kuona chilondacho ndi maso, n'kudulako kanyama kokayeza. Ndawapempha alembe zimenezo. Alemba m'munsi mwa pepala, m'Chingerezi.

Achimwene sindinawapeze, anali ku Euthini kokatenga chimanga.

Pobwerera njinga inalemera ngati ndakweza thumba.

Lachitatu, 18 Juni

Andiika pabwalo.

A Aaron, bambo aang'ono a bambo a Lusungu, ndiwo mutu wa banja chimwalirireni apongozi aamuna. Madoda anayi pamipando pansi pa mango. Ine padothi, patali, mutu pansi monga mwa mwambo wa mkamwana, mtengwa wapamudzi. A Aaron avala magalasi, atambasula pepala langa lija, lomwe ndinapalasira njinga ine. Awerenga mzere wapamwamba wokha.

"Palije."

Palibe. Za m'munsi anazipinda pansi pa chala. Ndinaona. Chingerezi amachidziwa, anagwirapo ntchito kwa mzungu wa nkhalango ku Chikangawa. Anapinda dala.

Akuti makina a azungu anena kuti m'mimba mulibe kanthu, ndiye nthendayi si ya kuchipatala, ndi ya anthu. Kenako apongozi. Akuti anandiona ndi maso awo ndikutapa chimbudzi cha mwana wawo n'kuchikulunga. Akuti mkazi amapita nacho kuti chimbudzi cha mwamuna wake? Ndani anandiona ndikulowa nacho m'chipatala? Ndani akudziwa komwe ndinayamba kudutsira?

Ndinatukula mutu kuti ndiyankhe. Akuti mkamwana sayankha pamaso pa madoda, amuyankhira ndi mwamuna wake.

Mwamuna wake anali pomwepo. Pampando. Akutokosa dothi ndi kamtengo.

Anali momwemo m'chipinda cha a Kizito. Anamva ndi makutu awo, kawiri. Kabotolo anandipatsa ndi pakamwa pawo. Mawu amodzi okha, bambo a Lusungu. Ayi ndithu. Dothi.

Zomwe agamula. Ndisawaphikirenso. Azigona kwa amayi awo. Foni yanga asunga a Aaron, akuti ndimayimbira kwathu kuitanitsa zitsamba. Lachitatu likudzali apita nawo kwa mneneri wina ku Euthini, akuti ameneyo amatulutsa zodyetsedwa n'kutchula dzina la wodyetsa. Akatchula langa, ndinyamuke. Lusungu atsale.

Kuchapa kokha ndiye andisiyira. Manja anga ndi oipa pamphika, koma pa mabulangete awo ndi abwino.

Lachinayi, 19 Juni

Apongozi amutenga Lusungu masana onse. Ndapita kukamuyamwitsa, akuti adya kale phala. "Ayambe kuzolowera."

Azolowere chiyani?

Bere lauma gwa. Ndafinyira pansi kuseri kwa nyumba ngati mbuzi yofedwa.

Lachisanu, 20 Juni

Ndazipeza.

Ndimakataya phulusa kudzala la kuseri kwa apongozi. Nkhuku zafukula. Chinthu chikung'anima. Timapepala tasiliva ta makapisozi, titatu, tonse tobooka. Ndathamangira kapepala ka a Kizito. Ndafananiza chilembo chimodzichimodzi ndi chala, ngati ku Sitandade 2. O, m, e, p. Omeprazole. Omwewo. Pambali pake timapaketi ta mankhwala a mutu a ufa, tambirimbiri, tong'ambidwa pakona.

Chindongwa pera!

Ndamupeza Marjory kudimba. Ndangomutambasulira m'dzanja. Wakhala pansi pamzere wa mpiru n'kuyamba kulira. Akuti zinabwera m'katundu yemwe a Brave anatumiza ndi a thiransipota, pamodzi ndi sopo ndi mafuta. Apongozi ndiwo anaitanitsa, pa foni ya Marjory yomwe. Makapisozi anatha Lamulungu. Tsopano watsala ufa uja, ndiye akuwapatsa umenewo katatu patsiku, akuti mankhwala a ku Joni ndi amphamvu, ululu ndi ululu basi.

Ufa umene a Kizito anati umakanda chilonda. Katatu patsiku.

"Ndapota, Linily, usanditchule." Nayenso ali ndi ana awiri pamudzi pano, mwamuna kutali. Ndamumvetsa. Koma ndamuuza kuti iwe unali pabwalo paja, unamva akunditcha mfiti, ukudziwa.

Apongozi sindikuwada kwambiri pa makapisoziwo. Mwana wawo amalira, anamupatsa. Nanenso mwina. Koma kuima pabwalo n'kunena kuti akadya kwa ine akuchira, akudziwa chomwe chili m'kapu!

Ndipo kapisozi sabisika m'thobwa. Munthu amaiona, amaiika palilime, amameza yekha.

Chikomeni. Lero ndikulemba dzina lako lenileni, ulemu wathera kudzala. Unameza wekha masiku khumi. Unandisiya ndipalase njinga ndi chimbudzi chako chonama. Unandisiya ndilumbire pa Mulungu pamaso pa dokotala. Ndipo unatokosa dothi.

Timapepala ndamanga pakona ya chitenje.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi benchi yanga inali yotakasuka. Mbali iyi malo, mbali iyo malo. Kwaya inaimba popanda ine, palibe anandikodola.

Pobwera ndamupeza Chikomeni yekha akuwothera dzuwa kuseri kwa khola, onse akadali kumsonkhano wa amayi. Wachepa. Milomo yotuwa. Ndamasula chitenje, ndamuikira timapepala pabondo.

Sanakane. "Kumawawa, Linily. Nanga amama ndikanawakanira bwanji?"

Ndati kuwawa ndikumva, sindine mwala. Ukanandiuza, tikanakauza a Kizito, akanasintha tsiku. Koma pabwalo paja? Akuti akananena, amayi ake akanachita manyazi pamaso pa madoda. Manyazi a amayi ake. Anga ine ndi a galu.

Ndati chabwino, za ine zisiye. Ufa uja leka lero lomwe, ukukuboola m'kati. Uwauze a Aaron zoona, mawa tipite ku boma. Akayezanso bwinobwino, mwina mizere iwiri ituluka, umwe mankhwala uchire, nkhani ithe.

"Namachero." Mawa.

Ndamufunsa ngati akufuna Lusungu akule akumva kuti mayi ake anapha bambo ake. Wayang'ana ng'ombe.

Lolemba, 23 Juni

Mawa lake ndi lero. Sananene.

Ndapita ndekha kwa a Aaron. Ndagwada patali, ndaika timapepala pansi, ndalankhula ndikuyang'ana dothi. Mwambo ndauphwanya, ndikudziwa. Akuti zinyalala za kudzala si umboni, aliyense angathe kutola n'kudzaika. Akuti Achewa pakamwa mpotalika. Foni akana. Timapepala afuna kutenga, ndafulumira ine.

Ndinaganiza zopalasa njinga kupita kwa achimwene. Njinga aimanga ndi tcheni m'nyumba mwa apongozi. Wapansi ndingathe. Koma Lusungu sandipatsa, ndipo ndikachoka ndekha anena kuti mfiti yathawa, pobwera ndipeza chitseko chotseka. Ndakhala.

Lachiwiri, 24 Juni

Chada.

Andiponyera zochapa m'mawa monga mwa masiku onse, bulangete ndi buluku la Chikomeni. Pabuluku chimbudzi. Chakuda bii, chonata, ngati phula wa pamsewu wa ku Jenda. Fungo lake losakhala la munthu wamoyo. Ndawerenganso kapepala ka a Kizito ngakhale ndimakadziwa pamtima. Ndi magazi amenewo. Chilonda chikutuluka magazi m'kati.

Ndathamanga nalo buluku mpaka pakhomo pa apongozi. Sindinagwade. Ndakuwa m'Chichewa, amve asamve. Ndati awa ndi magazi, mwana wanu akutha, tipite kuchipatala pompano.

Ayang'ana. Nkhope yawo yawala. Yawala ndithu!

"Chikufuma."

Chikutuluka. Akuti chomwe ndinamudyetsa chija chayamba kutuluka chokha poti wasiya kudya za m'manja mwanga. Aitana azimayi adzaone. Wina mpaka kanthungululu. Akuti mawa mneneri akangomalizitsa.

Ambuye Yesu, anthu akuombera m'manja magazi.

Ndipo ine, yemwe ndikudziwa, ndine ndekha wosaloledwa kuyankhula. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, inde. Koma kapepala aka ndikutha kuwerenga.

Marjory anali m'gulumo. Sanaombe m'manja. Anayang'ana bulukulo, n'kuyang'ana ine.

Sindinalichape. Ndalikulunga m'jumbo, ndabisa kudenga. A dokotala akalione. Anene kuti ndi ufitinso, ndazolowera.

Lachitatu, 25 Juni

Chikomeni wagwa pakhomo popita kubafa, dzuwa litangotuluka. Wasanza. Zakuda, za timibulu, ngati masamba a tiyi otsalira m'poto. Ndalowa m'nyumba mwa apongozi mosapempha, wondigwira panalibe. Zikhatho zake zoyera ngati ufa. Thukuta lozizira, m'June muno. Mtima ukuthamanga ngati wa nkhuku.

Wandigwira dzanja. Wanena, amayi ake ali pomwepo, Marjory ali pomwepo: "Ndinamwa makapisozi. Linily alibe mlandu." Apongozi akuti ndi kubwebweta kwa matenda.

Wanena mochedwa, Chikomeni, koma wanena. Usafe tsopano. Ukafa ndidzakukwiyira mpaka kumwamba.

Galimoto ya ku Euthini a Aaron apangana nayo 2 koloko. Msewu umenewo, mabampu amenewo, safika.

Marjory wabwera kuseri kwa bafa, foni ili m'bere. Mayunitsi alibe, ali ndi kabandulo ka WhatsApp. Akuti ndilembe, ajambula tsambali, akatumizira pachulu cha kusukulu pomwe pamagwira netiweki. Akuti ngati n'kumutchula amutchule, mbwenu, basi. Nambala ya achimwene ndikuidziwa pamtima.

Achimwene a Bestone, ndine Linily. Alamu anu akutaya magazi m'mimba. Chimbudzi chakuda kuyambira dzulo, lero asanza zakuda, sakutha kuima. Foni anandilanda, musayimbe, bwerani. Dutsirani kwa a Kizito kuseri kwa msika muwaonetse tsambali. Muwauze kuti ndinalumbira zabodza osadziwa, makapisozi ankamwa mpaka pa 15, ndipo akhala akumwa ufa wa mutu katatu patsiku. Atiuze kopita nawo, ngati ndi chipatala chachikulu akatidikire komweko. Mufike 2 koloko isanakwane, apo ayi apita nawo ku Euthini. Mukafika musakhale pampando, musalandire madzi, musayambe za malonje ndi a Aaron, akuchedwetsani dala. Imikani galimoto pakhomo penipeni pa apongozi. Miyendo ndigwira ine, Marjory akuti agwira nawo. Lusungu ndim'bereka kumsana, aone wondimasula.

Ngati mwakweza chimanga cha abwana musayambe mwatsitsa. Bwerani nacho chomwecho, timugoneka pamatumba.

Bwerani, achimwene. Panopa.